Umphawi ndi matenda a maganizo: chimayamba n'chiti?

M'chaka cha 1855, Edward Jarvis, dokotala wa m'chigawo cha Massachusetts ku America, anapereka ku nyumba ya malamulo lipoti la kuchuluka kwa anthu odwala misala m'chigawocho. Iye analembera makalata madokotala a m'matauni ndi m'midzi, kuwapempha kuti atchule odwala onse amene ankawadziwa, kaya agonekedwa m'chipatala kaya akusungidwa ndi abale pakhomo, ndipo pafupifupi onse anayankha. Atawonkhetsa, anapeza kuti pakati pa anthu osaukitsitsa, amene ankadalira thandizo la boma, misala inali yochuluka kuwirikiza ka 64 poyerekeza ndi pakati pa anthu odzidalira.

Kuchokera nthawi imeneyo ofufuza abwereza kuwerengera kotereku m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Nambala imasintha, koma chithunzi chake n'chomwecho: kumene kuli umphawi, matenda a maganizo amapezekako ambiri. Pamenepa akatswiri satsutsana kwenikweni. Mkangano umene watenga zaka zoposa 150 uli pa chifukwa chake. Mwina umphawi ndi umene umadwalitsa munthu kudzera mu njala, ngongole, kusowa tulo ndi nkhawa ya mawa. Mwina matenda ndi amene amasaukitsa munthu, popeza wodwala amasiya sukulu, amachotsedwa ntchito, ndipo abale amagulitsa mbuzi ndi njinga kuti amupezere thandizo. Mwinanso pali chinthu chachitatu chimene chikubala zonse ziwiri. Tebulo losonyeza kuti odwala ambiri ndi osauka limaoneka chimodzimodzi pa mayankho onse atatuwa, ndipo ngakhale owerengedwa atachuluka bwanji, tebulolo silingasankhe lokha yankho loona.

Funsoli si la m'kalasi chabe. Ngati umphawi ndiwo gwero, ndalama zochepa zimene boma ndi mabungwe ali nazo zingachite zambiri zitapita kothandiza mabanja pa chuma. Ngati gwero ndi matenda, ndiye kuti chofunika msanga ndi mankhwala, aphungu ndi anamwino odziwa za maganizo, wodwala asanataye munda ndi ntchito.

Jarvis mwiniwake anasankha yankho lachitatu. Ankakhulupirira kuti umphawi ndi misala zimatumphuka m'chitsime chimodzi, kufooka kwa ubongo ndi khalidwe kumene munthu amakhala nako mkati mwake. Manambala ake sanamuuze zimenezo; anali maganizo ofala pakati pa ophunzira a nthawi yake. Ndiponso nambala ya 64 ija inali ndi chilema. Munthu wodzidalira akadwala n'kuyamba kusungidwa ndi ndalama za boma, ankalembedwa m'gulu la osaukitsitsa. Motero matendawo ndi amene ankasamutsa anthu kuchoka mu mzere wina wa tebulo kupita mu mzere wina, kenako tebulolo n'kumaoneka ngati likunena za mphamvu ya umphawi.

Chodabwitsa n'chakuti Jarvis yemweyu anali ataona kale ndi maso ake mmene manambala amasocheretsera anthu. Kalembera wa dziko la America wa 1840 anawerenga anthu odwala misala ndi olumala m'maganizo, ndipo zotsatira zake zinasonyeza kuti anthu akuda a kumpoto, amene anali mfulu, ankadwala kwambiri kuposa akuda a kumwera amene anali mu ukapolo. Ku Maine, munthu wakuda mmodzi mwa 14 aliwonse analembedwa ngati wodwala. Oikira kumbuyo ukapolo anakondwa: kwa iwo umenewu unali umboni wakuti ufulu umapengetsa munthu wakuda. Jarvis poyamba anawakhulupirira manambalawo, koma atawasanthula tauni ndi tauni anapeza kuti matauni ena, amene munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, analembedwa kuti ali ndi akuda odwala misala. Ku Worcester, azungu ogonekedwa m'chipatala cha boma anaikidwa mu mzere wa akuda. Iye ndi anzake anapempha kuti zolakwikazo zikonzedwe, koma John C. Calhoun, nduna imene nkhaniyi inali m'manja mwake mu 1844, sanalole, ndipo anagwiritsa ntchito manambala omwewo poikira kumbuyo ukapolo m'kalata yopita kwa kazembe wa Britain. Apa panalibe choyambitsa kapena chotsatira choti n'kufufuza. Panali alembi amene anasokoneza mizere ya fomu yovuta kudzaza, ndi andale amene zolakwikazo zinawakomera.

Mapu a Chicago

Patapita zaka zoposa 80 chitulukireni lipoti la Jarvis, funsoli linabweranso kudzera pa mapu. Robert Faris ndi Warren Dunham, akatswiri a kakhalidwe ka anthu ochokera ku yunivesite ya Chicago, anatenga makadi a anthu pafupifupi 35,000 amene anagonekedwa m'zipatala za misala pakati pa 1922 ndi 1934, n'kuika aliyense pa mapu a mzindawo potengera kumene ankakhala. Buku lawo, Mental Disorders in Urban Areas, linatuluka mu 1939. Odwala schizophrenia, matenda amene munthu amamva mawu popanda wolankhula ndi kukhulupirira zinthu zimene kulibe, anaunjikana pakati pa mzinda, m'madera a zipinda za lendi zotchipa momwe munkakhala amuna osakwatira, osakhazikika, ongodalira maganyu. Kuchoka pakatipo kulowera kunja, ku madera a mabanja okhazikika, chiwerengero chinkatsika. Matenda amene masiku ano amatchedwa bipolar sanatsate dongosolo limeneli. Anali omwazikana mzinda wonse.

Faris ndi Dunham anati chodwalitsa ndi moyo wa m'maderawo, makamaka kukhala wekha pakati pa anthu osakudziwa, popanda mbale kapena mnansi wocheza naye. Otsutsa sanachedwe kuyankha. Schizophrenia nthawi zambiri imayamba pang'onopang'ono. Mnyamata amayamba kudzipatula, ntchito imamukanika, amayambana ndi abale, ndipo potsiriza amasamukira kumene lendi ndi yotsika ndiponso kumene palibe amene angamufunse mafunso. Tsiku limene akugonekedwa, kalaliki wa pachipatala amalemba adiresi ya kachipinda komalizako. Adiresi ya pa khadi imanena kumene munthu anagona usiku womaliza asanafike kuchipatala. Sinena kumene matenda anayambira. Malinga ndi otsutsawa, pakati pa mzinda sipankadwalitsa anthu, pankangolandira odwala otsetsereka kuchokera kwina. Mapu omwewo ankagwirizana ndi mbali zonse ziwiri, ndipo mkangano unaima pomwepo kwa zaka zambiri.

Mu 1958 August Hollingshead ndi Fredrick Redlich a ku yunivesite ya Yale anasindikiza kafukufuku wa mumzinda wa New Haven. Anawerenga anthu onse a mumzindawo amene anali kulandira thandizo la matenda a maganizo mu 1950, n'kuwagawa m'magulu asanu potengera ntchito, maphunziro ndi malo okhala. M'gulu lotsikitsitsa schizophrenia inali yochuluka pafupifupi kasanu n'katatu kuposa m'magulu apamwamba. Koma anapezanso kuti thandizo lenilenilo linkasiyana. Olemera ankaonana ndi dokotala wawo n'kumakambirana naye, pamene osauka ambiri ankatumizidwa ku zipatala zazikulu za boma kumene ankakhala zaka. Apa panabisala msampha wina. Chiwerengero cha odwala opezeka pa tsiku limodzi chimadalira zinthu ziwiri: angati akudwala kumene, ndi nthawi imene aliyense akutenga asanachoke m'kaundula. Ogwira ntchito za HIV amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa ma ARV atafala anthu okhala ndi kachilombo sanachepe ngakhale otenga kumene ankachepa. Anthu anasiya kufa msanga. Ku New Haven, mbali ina ya kusiyana kuja inkanena za mmene osauka ankasamalidwira atadwala kale, osati za chimene chinawadwalitsa.

Ntchito ya bambo

Njira yotulukira pa mkanganowu inapezeka ku England, ndipo inali yosavuta modabwitsa. E. M. Goldberg ndi S. L. Morrison anatenga amuna a zaka 25 mpaka 34 amene anagonekedwa koyamba ndi schizophrenia ku England ndi Wales mu 1956. Monga ankayembekezera, ambiri mwa iwo anali pa ntchito zotsikitsitsa, zosafuna luso. Kenako anakafunafuna ziphaso zawo za kubadwa. Pa chiphaso chotere pamalembedwa ntchito imene bambo wa mwana ankagwira pa nthawi imene mwanayo ankabadwa. Chiphasocho chinalembedwa wodwalayo ali khanda, zaka makumi awiri kapena kuposerapo matenda asanaonekere, choncho matenda ake sakanatha kusintha zimene zinalembedwapo.

Kukanakhala kuti kukulira mu umphawi ndiko kumayambitsa schizophrenia, abambo a odwalawo akanapezeka ounjikana pa ntchito zotsika. Sizinatero. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 1963 zinasonyeza kuti ntchito za abambowo zinali zogawikana ngati za amuna ena onse a m'dzikomo: ena pa ntchito zapamwamba, ena amisiri, ena aganyu. Otsika anali ana, osati makolo. Atatsata mbiri ya sukulu ndi ntchito ya ena mwa odwalawo, anaona kuti ambiri anayamba bwino, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pa unyamata wawo, nthawi zambiri asanaonedwe ndi dokotala aliyense.

Goldberg ndi Morrison sanawerenge anthu ambiri kuposa a ku Chicago. Chimene anachita ndi kupeza muyeso umene unalembedwa matenda asanabwere. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1965, Austin Bradford Hill, katswiri amene anathandiza kusonyeza kuti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo, anatchula mfundo zisanu n'zinayi zoti munthu aziganizire asananene kuti chinthu china chikuyambitsa chinzake. Mwa zonsezo, imodzi yokha ndi yosatheka kuilumpha: choyambitsa chiyenera kubwera chotsatira chisanaoneke. Imamveka ngati mfundo ya mwana wa pulayimale, koma pa matenda a maganizo ndiyo yovuta kuitsimikiza, chifukwa palibe amene amadziwa tsiku lenileni limene matendawa ayambira. Kaundula wa pachipatala amene amangolemba kuti wodwala "sali pa ntchito" ali ndi vuto la ku Chicago lomwe lija. Funso limodzi lowonjezera, lakuti ankachita chiyani chaka chimodzi kapena ziwiri asanayambe kusintha, lingamusandutse kaundulayo chinthu chothandiza kwambiri pa kafukufuku.

Komabe nkhani ya schizophrenia sinathere pamenepo. Mu 1999 Preben Bo Mortensen ndi anzake, pogwiritsa ntchito kaundula wa dziko la Denmark wa anthu pafupifupi 1.75 miliyoni, anapeza kuti obadwira mumzinda wa Copenhagen anali pa chiopsezo choposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi obadwira kumidzi, ngakhale ataganizira za mbiri ya matendawa m'banja. Khanda silisankha kobadwira, choncho kutsetsereka kwa wodwala sikungafotokoze zimenezi. Njira yomwe ija yoyang'ana tsiku lobadwa, imene inagwetsa maganizo a Faris ndi Dunham pa nkhani ya ntchito, inawadzutsanso pang'ono pa nkhani ya malo.

Mayankho awiri olosera zosiyana

Bruce Dohrenwend wa ku yunivesite ya Columbia analifikira funsoli mwa njira ina. Iye anaona kuti vuto la kafukufuku wambiri linali lakuti mayankho onse awiri ankalosera chinthu chimodzi, chakuti pansi padzapezeka odwala ambiri. Chofunika chinali kupeza malo amene mayankhowo angalosere zinthu zotsutsana, kuti lina likapambana linalo ligwe.

Malo otere anawapeza pa tsankho. Pakhale magulu awiri a anthu m'dziko limodzi, lina losalidwa, lina losasalidwa. Ngati mavuto a moyo ndi amene amadwalitsa, ndiye kuti osalidwa asenza katundu pawiri, umphawi ndi tsankho, ndipo poyerekeza anthu a maphunziro ofanana, odwala ayenera kuchuluka mwa osalidwa. Koma ngati matenda ndi amene amakokera anthu pansi, zinthu ziyenera kutembenuka. M'gulu losasalidwa, wathanzi aliyense amakwera mosavuta, ndipo otsalira pansi ambiri ndi amene matenda awagwira mwendo. M'gulu losalidwa, athanzi ambirimbiri amatsekerezedwa pansi ndi tsankho, ndipo odwala amasungunuka pakati pawo ngati mchere wochepa mu mphika waukulu. Zikatero, pakati pa anthu osaphunzira kwambiri, odwala ayenera kuchuluka mwa osasalidwa.

Anakayesa maganizowa ku Israel, pa Ayuda 4,914 obadwira m'dzikomo pakati pa 1949 ndi 1958. Ena makolo awo anachokera ku Ulaya, ena kumpoto kwa Africa, ndipo achiwiriwa ndiwo ankaonedwa ngati otsika. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya Science mu 1992. Pa schizophrenia, manambala anatsata njira yachiwiri: matenda ndi amene ankakokera anthu pansi. Pa matenda okhumudwa mwa amayi, komanso pa khalidwe losalabadira malamulo ndi ufulu wa ena ndi kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo mwa amuna, manambala anatsata njira yoyamba: mavuto ndi amene ankadwalitsa.

Phindu lalikulu la kafukufukuyu linali kusonyeza kuti funso lenilenilo linkafunsidwa molakwika. Mawu akuti "matenda a maganizo" amaphimba matenda ambiri osiyana, ngati mmene mawu akuti "kutentha thupi" amaphimbira malungo, chibayo ndi typhoid. Kufunsa ngati umphawi umayambitsa onsewo pamodzi n'kufuna yankho limodzi pa mafunso angapo.

Ndalama zosayembekezereka

Chimene ofufuza onsewa analibe ndi mwayi woona banja lomwelo lisanapeze ndalama ndiponso litapeza, ndalamazo zitabwera popanda kutengera khama, thanzi kapena nzeru za banjalo. Mwayi wotere unagwera Jane Costello wa ku yunivesite ya Duke. Mu 1993 iye ndi anzake anayamba kutsata ana 1,420 a zaka 9, 11 ndi 13 a m'mapiri a kumadzulo kwa North Carolina, akumacheza ndi mwana aliyense pamodzi ndi kholo lake chaka ndi chaka. Pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali wa mtundu wa Cherokee, amodzi mwa eni nthaka a ku America. Cholinga sichinali kufufuza za ndalama. Koma kafukufuku ali mkati, mtunduwo unatsegula nyumba ya juga pa malo ake, ndipo kuyambira 1996 gawo la phindu linayamba kugawidwa kwa aliyense wa mtunduwo, wolimbikira ndi waulesi, wodwala ndi wathanzi. Pofika 2001 ndalamazo zinali pafupifupi madola 6,000 pa munthu pa chaka.

Mwa mabanja a Cherokee, 14 pa 100 aliwonse anatuluka mu umphawi, 53 anakhalabe osauka, ndipo 32 sanali osauka kuyambira pachiyambi. Ndalama zisanabwere, ana a magulu awiri oyambawo anali ndi mavuto ochuluka mofanana. Patapita zaka zinayi, ana a mabanja otuluka mu umphawi anali atachepetsa mavuto a khalidwe, monga ndewu, kuba ndi kusamvera, mpaka kufanana ndi ana amene sanasaukepo. Ana a mabanja otsalira mu umphawi sanasinthe. Koma pa nkhawa ndi kukhumudwa panalibe kusintha koonekera. Atafufuza njira imene ndalama zinadzera kuti zifike pa khalidwe la mwana, chimene chinaonekera kwambiri chinali chakuti makolo anayamba kupeza mpata woyang'anira ana awo. Lipotili linatuluka mu 2003.

Kafukufukuyu amatchulidwa kawirikawiri ngati umboni womaliza, koma ali ndi mpata umene wowerenga wosamala ayenera kuuona. Ndalama zinapita kwa onse, koma owoloka malire a umphawi anali ochepa. N'kutheka kuti mabanja owolokawo anali kale ndi china chake chimene anzawo analibe, monga kholo lotha kupeza ntchito pa nyumba ya jugayo. Kufanana kwa ana ndalama zisanabwere kumachepetsa nkhawa imeneyi, koma sikuichotseratu. Mwayi unagawa ndalama, koma sunasankhe mabanja oti atuluke mu umphawi.

Pa mayiko osauka umboni unali wochepa kwambiri. Mu 2011 Crick Lund wa ku yunivesite ya Cape Town ndi anzake anasonkhanitsa mu magazini ya The Lancet kafukufuku amene analipo wa mbali zonse ziwiri. Pa funso lakuti kuthandiza anthu pa chuma kumachiza maganizo kapena ayi, umboni unali wosakanikirana. Pa funso lakuti kuchiza maganizo kumatukula chuma cha wodwala ndi banja lake, pafupifupi zonse zinkaloza mbali imodzi, yakuti inde, ngakhale kuti kusiyanako sikunali kotsimikizika mu kafukufuku aliyense.

Maere a ku Zomba

Patapita zaka ziwiri, umboni wina wamphamvu unachokera m'boma la Zomba. Kumeneko Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anali atakonza pulogalamu yopereka ndalama kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'zaka za 2008 ndi 2009. Anatenga madera 176 a kalembera, n'kugawa mwa maere: theka lilandire pulogalamu, theka lisalandire. Mwa atsikana a pasukulu a m'madera olandira, ena ankapatsidwa ndalama pokhapokha akamapita kusukulu masiku osachepera 80 pa 100 aliwonse, ena ankapatsidwa popanda lamulo lililonse, ndipo ena sankapatsidwa konse ngakhale anzawo a m'dera lomwelo ankalandira. Mtsikana ankalandira pakati pa dola imodzi ndi madola 5 pa mwezi, makolo pakati pa madola 4 ndi 10, ndipo kuchuluka kwakenso kunkasankhidwa mwa maere.

Anthu ambiri amaona maere ngati nkhanza, ndipo odzipereka amene amayenda m'midzi ndi amene amalandira madandaulo a otsalira. Koma pa funso la Jarvis maere amachita ntchito imene palibe njira ina ingaichite. Maere sadziwa mtsikana wokhumudwa ndi wosangalala, choncho matenda sangakhale amene asankha wolandira. Sadziwanso banja lolimbikira, la bambo woledzera kapena la mayi wodwala, choncho zinthu zachitatu zonse, zodziwika ndi zosadziwika, zimagawikana mofanana mbali zonse ziwiri. Kusiyana kukaoneka pambuyo pake, kupatula kongochitika mwangozi kumene masamu amatha kukuyeza, chotsala chofotokozera ndi ndalamazo.

Baird, Jacobus de Hoop ndi Özler anasindikiza zotsatira za maganizo mu 2013. Anagwiritsa ntchito mafunso 12 otchedwa GHQ-12, ofunsa za tulo, nkhawa, kudziona wopanda pake ndi zina zotero. Pulogalamu ili mkati, kuvutika maganizo kunatsika ndi pafupifupi 38 peresenti mwa atsikana a pasukulu olandira popanda lamulo, ndi pafupifupi 17 peresenti mwa olandira motsata lamulo la sukulu. Kwa atsikana amenewa, pa muyeso umenewu, muvi unaloza kuchoka ku ndalama kupita ku maganizo.

Zina zimene anapeza n'zosasangalatsa kwenikweni. M'gulu la lamulo la sukulu, ndalama za makolo zikamakwera, phindu la pa maganizo a mtsikana linkatsika. Munthu wongoyang'ana tebulo la chuma ndi thanzi akanayembekezera zosiyana ndi zimenezi. Ofufuzawo anaganiza kuti pakhomo pakayamba kudalira ndalama zimene zimabwera pokhapokha mwana akapita kusukulu, mwanayo amasanduka wosenza banja, ndipo tsiku lililonse lojomba limakhala mlandu. Kumeneku ndi kufotokoza kwawo, ndipo n'komveka, koma maere anatsimikiza kutsikako kokha, osati chifukwa chake.

Atsikana osalandira amene ankakhala m'madera olandira anavutika maganizo kwambiri kuposa anzawo a m'madera amene pulogalamu sinafikeko n'komwe. Iwowa sanalandidwe kanthu. Anangoona anzawo akulandira. Mfundo imeneyi ikanabisika kukanakhala kuti ofufuza anangoyerekeza olandira ndi osalandira a m'mudzi umodzi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti kuvutika kwa otsalirawo kukanawerengedwa ngati phindu la pulogalamu, popeza mpata wa pakati pa magulu awiriwo ukanaoneka waukulu. Inaonekera chifukwa chakuti panali madera athunthu amene sanakhudzidwe.

Kafukufuku wa ku Zomba anayeza kuvutika maganizo kwa atsikana kudzera m'mafunso. Sanayeze schizophrenia, sanayeze amuna kapena okalamba, ndipo sangagwiritsidwe ntchito ponena kuti wodwala wogonekedwa m'chipatala angachire atapatsidwa ndalama m'malo mwa mankhwala. Ndalamazo zinasiya kuperekedwa kumapeto kwa 2009. Ofufuza atabwerera kwa atsikana omwewo pulogalamu itatha, anapeza kuti kusiyana konse pa maganizo, phindu la olandira ndi kuvutika kwa otsalira komwe, kunali kutazimiririka.